Mendulo ya Michael Murphy inamuyenera, koma isatseke mafunso a tsiku limene anafa

Pa 22 Okutobala 2007, ku White House, Pulezidenti George W. Bush anapereka Medal of Honor, mendulo yapamwamba kwambiri ya usilikali ku America, m'manja mwa makolo a Lieutenant Michael P. Murphy. Mwiniwake anali atagona kale zaka ziwiri m'manda a asilikali a ku Calverton, m'chigawo cha New York. Murphy ankatsogolera kagulu ka anthu 4 a Navy SEAL, omwe ndi asilikali apadera a gulu lankhondo lapamadzi la America, ndipo anaphedwa pa 28 Juni 2005 m'mapiri a Kunar, kum'mawa kwa Afghanistan, ali ndi zaka 29. Mendulo yake inali yoyamba ya mtundu umenewu pa nkhondo ya ku Afghanistan.

Ndikuvomereza ndi mtima wonse kuti mendulo imeneyi inamuyenera. Chimene ndikutsutsa ndi khalidwe limene limatsatira mendulo zotere. Nkhani ikangovekedwa ulemu wa boma, anthu amayamba kuikokomeza, ndipo aliyense wofunsa kuti chinalakwika n'chiyani amaoneka ngati akunyoza maliro. Msilikali wa gulu lapadera amafera kutali, mboni zili zochepa, zikalata zili zachinsinsi, ndipo iye sangadzuke kudzakonza zimene zalembedwa zokhudza iye. N'chifukwa chake mendulo yake imafunika umboni wolimba kuposa ya wina aliyense, ndipo chikalata chofotokoza ntchito yake chiyenera kunena zokhazo zimene zingatsimikizike.

Tiyambe ndi zimene zinachitika. Ntchito yonseyo inkatchedwa Operation Red Wings, ndipo cholinga chake chinali kupeza Ahmad Shah, mtsogoleri wa gulu la zigawenga m'dera la pafupi ndi Asadabad. Usiku wa pa 27 Juni, helikopita ya MH-47 Chinook inatsitsa anthu anayiwo pa chingwe m'mbali mwa phiri la Sawtalo Sar: Murphy, Danny Dietz, Matthew Axelson ndi Marcus Luttrell. Iwo sanapite kukamenya nkhondo. Anapita kukazonda, kutanthauza kubisala pamalo okwera, kuonerera midzi ya m'munsi, kutsimikiza kuti munthu wofunidwayo alipo, n'kutumiza uthenga. Kagulu kotere kamadalira zinthu ziwiri zokha: kusaonedwa, ndi wailesi yoitanira thandizo ngati kaonedwa. Pa 28 Juni zonse ziwiri zinalephera. Abusa a mbuzi anawapeza pamene anabisala, ndipo asilikaliwo anawamasula. Pasanapite nthawi yaitali adani anafika, ali kumtunda, n'kuyamba kuwombera. Anayiwo anakankhidwira kumunsi, m'zigwembe za miyala, kumene wailesi siinkagwira chifukwa mapiri ankatchinga mafunde ake.

Apa ndi pamene pagona mendulo. Anzake atavulala, iyenso atavulala, Murphy anachoka pamene miyala inkamuteteza n'kupita poyera, pamalo pamene foni ya setilaiti ikanatha kugwira. Anaimba, ananena pamene anali, anapempha thandizo. Malinga ndi zimene akuluakulu a asilikali apamadzi analemba, chipolopolo chinamulasa kumsana ali pafoni, foni inagwa, anaitolanso n'kumaliza kulankhula, kenako anapitiriza kumenyana mpaka anafa. Munthu wophunzitsidwa ngati iye ankadziwa bwino lomwe tanthauzo la kuima poyera adani ali kumtunda. Palibe lamulo la usilikali limene likanamuimba mlandu akanakhala kuseri kwa mwala. Mawu a lamulo la Medal of Honor amafuna ndendende zimenezi: kulimba mtima koonekeratu, koika moyo pachiswe, kopitirira zimene udindo umafuna.

Mendulo yotere siituluka pakamwa pa pulezidenti tsiku limodzi. Imayamba ndi mkulu wa gulu, amene amadzaza fomu yopempha mendulo n'kulembanso nkhani yonse mwatsatanetsatane: tsiku, ola, malo, mmene nthaka inalili, mphamvu ya adani, amene anavulala, ndi chimene munthuyo anachita chosiyana ndi anzake. Pamenepo amaphatikiza mawu olumbirira a mboni zoona ndi maso, zimene kawirikawiri zimafunika zosachepera ziwiri, pamodzi ndi mapu, zithunzi ndi kaundula wa mauthenga a pa wailesi. Failoyo imakwera makwerero onse a ulamuliro, ndipo pa sitepe iliyonse mkulu akhoza kuvomereza, kukana, kapena kunena kuti ntchitoyo ikuyenera mendulo yocheperapo. Kwa asilikali apamadzi imadutsa ku bungwe loona za mendulo, kwa mkulu wa asilikali onse apamadzi, kwa nduna yawo, kwa nduna ya zachitetezo, kenako kwa pulezidenti, amene amaipereka m'dzina la Nyumba ya Malamulo. Pali malire a nthawi: pempho lilowe pasanathe zaka 3, mendulo iperekedwe pasanathe zaka 5, pokhapokha Nyumba ya Malamulo itapereka chilolezo chapadera. Pansi pa Medal of Honor pali Navy Cross, imene Dietz, Axelson ndi Luttrell analandira; pansi pake pali Silver Star. Purple Heart, imene ambiri amaisokoneza ndi zinazi, imaperekedwa chifukwa chovulazidwa kapena kuphedwa ndi mdani basi, siiyeza kulimba mtima.

Kwa Murphy njira yonseyi inatenga miyezi pafupifupi 28. Ena amati kumeneku n'kuzunza banja. Ine ndikuti kuthamanga sikufika, ndipo pansipa ndionetsa zimene liwiro linachita kwa banja lina.

Vuto lenileni la asilikali apadera likuoneka poyera m'nkhani ya Murphy. Mwa anayiwo anapulumuka mmodzi, Luttrell, amene anthu a m'mudzi wina wa Apashtun anamubisa ndi kumuteteza mpaka anzake anadzamutenga patapita masiku angapo. Iye anali wovulala kwambiri, atagubuduzika m'miyala, mabomba ataphulika pafupi naye. Munthu wotere akhoza kunena zoona zokhazokha mogwirizana ndi mmene akukumbukira, koma n'kulakwitsa chiwerengero, mtunda ndi nthawi. Aliyense amene anafunsapo mboni za ngozi amadziwa zimenezi. Choncho cholemera chiyenera kusenzedwa ndi umboni wosalankhula. Foni ija inalandiridwa, ndipo pali amene anaiyankha. Ola lake limadziwika. Helikopita inanyamuka chifukwa cha uthengawo. Thupi la Murphy linapezeka pa 4 Julayi, ndipo malo amene thupi lagona ndiponso mbali imene zipolopolo zalowera zimauza madokotala ndi ofufuza zambiri. Chinthu chimene anapatsidwira mendulo chili ndi mizati yoima payokha, yosadalira kukumbukira kwa munthu mmodzi.

Chiwerengero cha adani chilibe mizati yotero, ndipo n'pamene nkhaniyi inayamba kutupa. Chikalata cha mendulo chimati adaniwo anali pakati pa 30 ndi 40. Nkhani yotsagana nacho, yochokera ku gulu lomwelo la asilikali apamadzi, imati anali oposa 50. Zolembedwa zina zotchuka zinakwera mpaka 200. Mtolankhani Ed Darack, amene anafufuza nkhaniyi pakati pa asilikali a Marines, gulu lina lankhondo la America, omwe anakonza mapulani oyamba a ntchitoyi, anafika pa chiwerengero cha anthu 8 mpaka 10. Ngakhale funso loti adaniwo anadziwa bwanji lili ndi mayankho awiri: ena amati abusa aja anakanena, ena amati zigawengazo zinamva helikopita usiku n'kulondola mapazi.

Kodi Murphy amachepa ngati adaniwo anali 10? Ayi, ndipo amene amaganiza choncho sadziwa nkhondo ya m'mapiri. Anthu 10 amene ali kumtunda, odziwa njira iliyonse ya phirilo, ali ndi mfuti yachiwaya ndi mabomba a RPG owombera ndi mfuti ya paphewa, akhoza kutha anthu anayi amene ali m'chigwembe opanda wailesi. Chipolopolo chimodzi chikwanira kupha munthu woima poyera. Kulimba mtima kwa Murphy n'kofanana pa adani 10 ndi pa adani 200. Koma tikamangirira ulemu wake pa chiwerengero chachikulu, tsiku limene chiwerengerocho chidzagwe, anthu adzayamba kukayikira ngakhale foni ija. Wokokomeza amaganiza kuti akukometsera malemu, pamene akuwasenzetsa ngongole imene sanatenge.

Amene akufuna kuona mapeto a njira imeneyi ayang'ane nkhani ya Pat Tillman, katswiri wa masewero a American football amene anasiya timu ya Arizona Cardinals n'kulowa gulu lapadera la asilikali apamtunda la Army Rangers. Anaphedwa ku Afghanistan pa 22 Epulo 2004. Patangopita masiku ochepa Silver Star inali itavomerezedwa kale, ndipo nkhani yake inkaonetsa ngati anagwa polimbana ndi adani. Zoona zake zinali zoti anawomberedwa mwangozi ndi asilikali anzake, ndipo akuluakulu ena anali atayamba kale kudziwa zimenezi mendulo isanatuluke. Banja linauzidwa patatha pafupifupi masabata 5, mwambo wa maliro woulutsidwa pa wailesi yakanema utachitika kale. Kafukufuku wa mu 2007 anapeza kuti chikalatacho chinali ndi zolakwika, ndiponso kuti mawu a mboni anasinthidwa. Mendulo imene inayenera kukhala yotonthoza inasanduka bala la banja, ndipo dzina la munthu amene anadzipereka yekha likumakumbukiridwa limodzi ndi chinyengo chimene iye sanachite. Apa mendulo inagwiritsidwa ntchito ngati chivundikiro, ndipo ichi ndi choipa kwambiri chimene gulu lankhondo lingachite kwa wakufa.

Kulakwa kumachitikanso mbali inayo, munthu n'kupatsidwa zochepa. John Chapman, wa gulu lapadera la asilikali am'mlengalenga, anagwa pa phiri la Takur Ghar, ku Afghanistan, pa 4 Malichi 2002. Anzake anachokapo akuganiza kuti wafa, ndipo anapatsidwa Air Force Cross. Patapita zaka, akatswiri anaunikanso kanema wojambulidwa ndi ndege yopanda woyendetsa imene inkazungulira pamwamba pa phirilo, n'kupeza kuti Chapman anatsitsimuka ndipo anamenyana yekhayekha kwa nthawi pafupifupi ola limodzi, mpaka anafa akuteteza helikopita ina imene inkabwera. Mkazi wake analandira Medal of Honor pa 22 Ogasiti 2018, patatha zaka 16. Mlandu suwola. Koma taonani chimene chinapulumutsa choonadi: kanemayo anasungidwa, ndipo panali anthu olimba mtima okatsegulanso failo ngakhale ankadziwa kuti zotsatira zake zidzapweteka anzawo amene anali paphiripo. Mu Januwale 2016 nduna ya zachitetezo Ash Carter inalamula kuti mendulo zoposa 1,100 za pansi pa Medal of Honor ziunikidwenso, ndipo zina zinakwezedwa. Kuunikanso kotere kuyenera kukhala lamulo lokhazikika, kosadikira kuti nduna ina ikhale ndi mtima wofuna.

Nthawi zina cholepheretsa chimakhala lamulo lenilenilo. Ku Britain, chaka cha 1979 chisanafike, msilikali wofera kunkhondo sakanapatsidwa mendulo zapakati monga Military Cross. Panali Victoria Cross pamwamba, kapena kungotchulidwa dzina m'malipoti a boma pansi, popanda chapakati. Talaiasi Labalaba, msilikali wochokera ku Fiji wa SAS, gulu lapadera la asilikali a Britain, anawombera yekha mzinga wofunika anthu angapo pa nkhondo ya ku Mirbat, ku Oman, pa 19 Julayi 1972, atalasidwa kale kunsagwada, mpaka anaphedwa. Nkhondoyo inali yosalengezedwa kwa anthu, ndipo iye anangotchulidwa dzina m'malipoti, pamene ena opulumuka analandira mendulo zazikulu. Patatha zaka 10, Captain John Hamilton wa SAS yemweyo anaphedwa ku zilumba za Falkland pa 10 Juni 1982, akuwombera kuti mnzake wonyamula wailesi apeze mpata wothawa, ndipo anapatsidwa Military Cross chifukwa lamulo linali litasintha. Kusiyana kwa anthu awiriwa kunali tsiku la pakalendala ndi chinsinsi cha boma.

Pali zifukwa ziwiri zimene anthu amapereka potsutsa maganizo angawa, ndipo zonse n'zolemera. Choyamba n'chakuti ntchito za asilikali apadera ziyenera kubisidwa, chifukwa mdani amawerenganso nyuzipepala. N'zoona. Mayina a amene akadali pantchito, anthu a m'midzi amene amapereka uthenga, zida ndi njira zolowera, zonsezi zibisidwe. Koma izi zimatheka polemba zikalata ziwiri: chathunthu chosungidwa mosamala ndi zithunzi, mawu a pa wailesi ndi malipoti a madokotala, ndi chachidule choulutsidwa, chimene chikhoza kusiya zina koma osanama. Kusiya kunena ndi kunama n'zosiyana, ndipo banja liyenera kuuzidwa kuti pali zimene zasiyidwa. Chathunthucho chikhale ndi tsiku lodzatsegulidwira. Chachiwiri n'chakuti mayi wolira safuna mkangano wa ziwerengero, akufuna kumva kuti mwana wake anali ngwazi. Ndikumva chisoni cha mawu amenewa. Komabe banja limakhala ndi mendulo moyo wake wonse, ndipo anzake a malemu amalankhula, mochedwa kapena mofulumira. Amayi a Tillman anatha zaka akufunafuna zimene akanauzidwa sabata yoyamba. Palibe chifundo m'kuchedwetsa ululu n'kuuwonjezera chinyengo.

Amalawi ali ndi chitsanzo chawo cha mendulo yomangidwa pa umboni woyera. Mu Novembala 2018, kufupi ndi Beni kum'mawa kwa DRC, Private Chancy Chitete wa Malawi Defence Force, ali pa ntchito yosungitsa mtendere ya United Nations polimbana ndi zigawenga za ADF, anakoka msilikali wa ku Tanzania wovulala, Corporal Ali Khamis Omary, kumuchotsa pamene zipolopolo zinkagwa, ndipo anawomberedwa n'kufa akumupatsa thandizo loyamba. Mu Meyi 2019, ku New York, mlembi wamkulu wa United Nations, António Guterres, anapereka kwa banja lake mendulo ya Captain Mbaye Diagne, imene bungweli limapereka chifukwa cha kulimba mtima kwapadera. Chitete sanali mkulu wa asilikali, koma chimene chimapangitsa nkhani yake kukhala yosagwedezeka n'chomwechi chimene ndikunena: amene anaichitira umboni ndi munthu wa gulu lankhondo la dziko lina, wamoyo chifukwa cha iye, wopanda chifukwa chokometsera.

Mendulo siyenera kusokonezedwanso ndi chipukuta misozi. Ku America banja la msilikali wofera pantchito limalandira madola 100,000 mwachangu, kuwonjezera pa inshuwalansi ya moyo, kaya munthuyo wapatsidwa mendulo kapena ayi, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Mwana wamasiye wa msilikali amene anafera mu helikopita asanawombere n'kamodzi komwe amadya chimodzimodzi ndi mwana wa wolandira Medal of Honor. Pamene chisamaliro cha banja chadalira mendulo, mkulu wolemba failo amakhala pa mayesero okometsera nkhani kuti athandize mkazi wamasiye wa mnzake, ndipo ndani angamudzudzule? Njira yotetezera choonadi cha mendulo ndi kuonetsetsa kuti banja lasamalidwa kale mendulo isanakambidwe. 

Tsopano gawo limene anthu ambiri amalidumpha akamafotokoza za Murphy. Foni yake inayankhidwa, ndipo Chinook ina inanyamuka masana, itanyamula a SEAL 8 ndi asilikali 8 a gulu la 160th Special Operations Aviation Regiment, amene ukatswiri wawo waukulu ndi kuuluka usiku. Inayenera kutsagana ndi mahelikopita a Apache, amene ntchito yawo ndi kuyeretsa malo otera Chinook isanatsike. Pamwamba pa mapiri otalika mamita pafupifupi 3,000, mpweya ndi wopepuka, ndipo ma Apache olemedwa ndi zida anatsalira m'mbuyo. Chinook inapitirira yokha pofuna kufika msanga kwa anzawo ovulala. Itachepetsa liwiro kuti itsitse anthu, bomba la RPG linaimenya, ndipo onse 16 anafa, kuphatikizapo Lieutenant Commander Erik Kristensen ndi Major Stephen Reich. Tsiku limenelo America inataya anthu 19.

Mendulo ya Murphy imayankha funso limodzi lokha: kodi iye anachita chiyani zinthu zitafika poipa? Siiyankha chifukwa chimene zinafikira pamenepo. Kodi kagulu ka anthu 4 kanali kokwanira m'dera la abusa ndi midzi, kumene kuonedwa kunali koyembekezeka? Kodi panali dongosolo lokonzedweratu la chochita ndi munthu wamba akawapeza, kuti mtsogoleri asaganize zimenezi ali kale paphiri? Kodi wailesi inayesedwa pa malo onse amene akanathawirako, ndipo kodi panali ndege kapena malo okwera olandira ndi kupatsira uthenga? Kodi gulu lothandiza linali pa mtunda wa mphindi zingati, ndipo ndani anali ndi mphamvu yolamula kuti linyamuke, poti ntchitoyo inali ndi manja a Marines ndi a asilikali apadera, aliyense ndi akuluakulu ake? Mafunso amenewa ndi a kafukufuku wina, woyendetsedwa ndi anthu amene sanasaine fomu ya mendulo, chifukwa mkulu amene anavomereza mapulani sangakhale woweruza wabwino wa mapulani akewo, ndipo kwa iye nkhani ya ungwazi ndi yosavuta kulemba kuposa nkhani ya wailesi imene siinagwire.

Dzina la Murphy lili pa sitima yankhondo, USS Michael Murphy, imene inayamba ntchito mu Okutobala 2012, ndipo n'koyenera kutero. Koma Lieutenant wina amene adzatsike pa chingwe usiku ndi anthu atatu kumbuyo kwake sadzathandizidwa ndi dzina la pa sitima. Iye akufunika kuwerenga lipoti lonena mosabisa kuti adani anali angati, wailesi inafera pati, ndipo Chinook inasiya ma Apache pa mtunda wotani.